Za Mpira, ndi Chiyembekezo cha Mwezi wa February

Pali nyengo imodzi pa chaka imene matimu onse a mpira m'dziko muno akhala olingana, yaikuru ndi yaing'ono yomwe, pakuti palibe imene yapambana, ndipo palibe imene yagonja. Nyengoyo ndiyo miyezi ya January, February ndi March, pamene ligi ya chaka chatha yatsekedwa, ndi ya chaka chatsopano isanatsegulidwe. Osewera abwerako kumene anakapumula, ena atanenepa ndi nsima ya kwao, nayamba kuthamanga m'matope kuti mpweya ubwerere m'chifuwa. Akuru a matimu ali pikitipikiti kufunafuna anyamata atsopano. Ndipo ife ochemerera, amene tiribe gawo lina pa zonsezi koma kulankhula, tilankhula kufikira kukhosi kuuma. Mukakwera minibasi ya ku Bangwe, kapena ya ku Machinjiri, kapena ya ku Chilomoni m'masiku amenewa, simudzatsika musanamve munthu alikuuza mnzache kuti, "Achimwene, chaka chino nchathu." Wa malaya ofiira anena chomwecho, wa malaya abuluu anenanso chomwecho, ndipo palibe angawatsutse, popeza mpira sunagubuduke.

Tiyenera kubvomera poyamba pomwe kuti ifenso tiri m'gulu la anthu otere. Ena ayesa kuti mphunzitsi wa zaka zambiri, amene aima pamaso pa ana ndi choko m'manja, ayenera kukhala atasiya zimenezi pamodzi ndi kabudula. Koma ife sitinasiye. Ndife a Wanderers, amene anthu awatcha Manoma kapena Nyerere, ndipo takhala zaka zoposa 20 m'Ndirande, mudzi umene ngakhale nkhuku zache zioneka ngati zichemerera Bullets. Nthendayi tinaitenga kwa malemu atate athu, amene anagwira nchito m'fakitale ina ya ku Makata. Iwo anatinyamula pa phewa tiri ana, natilowetsa m'bwalo la Kamuzu ku Chichiri, natilozera munthu wina wosewera kumbuyo, nati, "Uyo ndiye Jack Chamangwana, umyang'anitsitse." Tinamyang'anitsitsa, ndipo kuyambira tsiku lomwelo sitinachire.

Chimene chitidabwitsa ndi ichi, kuti nyengo ya chiyembekezo cha mpira igwa pamodzi ndi nyengo ya njala. February ndiwo mwezi umene ufa utha m'nyumba, mtengo wa chimanga ukwera pa msika, ndi ana afika ku sukulu ndi maso ofooka, atagonera nkhwani zokha. Koma ndi mwezi womwewo umene chimanga cha m'timinda ta m'mbali mwa phiri la Ndirande ndi m'mphepete mwa Nasolo chiri biriwiri, chitamasula ngayaye, ndipo mwini wache aima pa malire nawerenga matumba amene sanawakolole. Munthu wotereyo simungamuuze kanthu. Adziwa kuti mvula ikhoza kudula, adziwa za mbozi ndi za akuba, anaziona zonsezi chaka chatha; koma m'maso mwache nkhokwe yadzala kale. Wochemerera mpira ndi mlimi wa February ndiwo mtundu umodzi, kungoti mlimi anagwirako khasu.

Ndipo si ife tokha. Ku America kuli masewera a ndodo ndi kampira kolimba, amene awatcha baseball. M'miyezi yomweyi ya February ndi March, pamene kumpoto kwa dzikolo kukali chisanu, matimu ao akuru 30 asamukira ku zigawo zofunda za Florida ndi Arizona, 15 uku ndi 15 uko, kukakonzekera, ndipo anthu ayenda maulendo atali, nalipira ndalama, kukaonerera masewera amene mapointi ache sawerengedwa. Iwo athawa chisanu natsata dzuwa. Athu alibe kothawira. Akonzekera m'mvula momwemo, ndipo ife tiwaonerera titafunda matumba a pulasitiki pamutu.

Mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda ndiye mmisiri wa zidebe ndi mbaula, Maule wa m'magazi. Ife timutcha Neba, iyenso atitcha Neba, monga matimu awiriwa atchana. M'nyengo ya ligi sitichezerana kwambiri, pakuti Lolemba liri lonse mmodzi wa ife ali ndi chilonda; koma m'February tikhala pa khonde madzulo onse, iye alikukhoma chitini, ife tirikuchonga makope, ndipo mlandu wathu ndi umodzi womwewo chaka ndi chaka. Iye ayamba ndi 1986, chaka chimene Super League inabadwa ndi Bullets inaitenga. Napitirira ku zaka 7 zotsatana, kuyambira 1999 kufikira 2005. Nafika pa 2004, pamene timu yache, iri m'manja mwa Kinnah Phiri, inatulutsa Orlando Pirates ya ku Johannesburg, nilowa m'gulu la matimu 8 otsiriza a mu Africa monse, pamodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria imene inatenga chikhocho. Pofika apa aika nyundo pansi kuti manja onse awiri amthandize. Ife timkumbutsa kuti Wanderers ndiyo yakale, ya 1962, ndi kuti Bullets inabadwa mu 1967 ndi anthu otuluka m'nyumba mwathu, chotero mwana asatukule mutu pamaso pa atate wache. Iye ati mwana akapambana atate wache pa ulimi, mudzi wonse ukadya kwa mwana. Tikamuuza za anyamata atsopano amene tawaona, agwedeza mutu nati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Tsiku lina tinamyankha kuti, "Inde, Neba, Nyererezo ndizo tizifuna." Ndipo pa zaka zonsezi ndi pokhapo pamene tinamtseka pakamwa.

Amene sanaonepo timu irikukonzekera ayese kupitako tsiku lina. Ife tinazolowera kutsika ndi mseu wa Makata wapansi, Loweruka m'mawa, kufikira ku Chichiri, kumene nyumba ya Manoma iri pa mseu wa Lali Lubani. Palibe cholipira, ndipo chifukwa chache mudzapezako anthu amene pa tsiku la masewera enieni sangathe kulowa m'bwalo: alonda ochokera ku nchito ya usiku ndi maso ofiira, anyamata osowa nchito, amai a mandasi ndi chimanga chootcha, ndi nkhalamba zina zimene zidziwa dzina la wosewera ali yense kuyambira masiku a Limbe Leaf. Onsewa ndi oweruza. Mnyamata wachilendo wochokera ku Karonga kapena ku Nchalo akangoimitsa mpira bwino kamodzi pa chifuwa, mumva kung'ung'udza kwa chimwemwe kulikuyenda m'mphepete mwa bwalo, ndipo pofika madzulo mbiri yafika ku Zingwangwa kuti tapeza munthu. Wosewera wakale, amene bondo lache linamsautsa chaka chonse chatha, akathamanga pang'ono osatsimphina, anthu ati wachira, ndipo wabwerera ku unyamata. Timu ikaswa katimu ka m'ligi ya m'munsi ndi zigoli 4 pa masewera a ubale, icho nchizindikiro. Ikagonja, palibe kanthu, aphunzitsi alikungoyesa anyamata. Pakuti woyang'anira timu atchedwanso mphunzitsi monga ife, ndipo nthawi zina timchitira nsanje, poona kuti ophunzira ache afika nthawi isanakwane, ndi kuti akawauza kuzungulira bwalo kakhumi, azungulira.

Ife amene tichonga mayeso tidziwa bwino lomwe kuti kuyankha bwino m'kalasi, mphunzitsi alikumwetulira, sikulingana ndi kuyankha m'chipinda cha mayeso, pamene woyang'anira wachilendo alikuyendayenda ndi wotchi. Tidziwa zimenezi kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu. Loweruka tiziiwala.

Tsono tifuna kusimba za February wa chaka cha 2017, pakuti ndiye atibvuta mumtima kufikira lero. Manoma anatenga ligi mu 1990, 1995, 1997, 1998 ndi 2006, ndipo zitatero kunagwa chilala. Tinaiona ligi irikupita kwa Escom United, kwa Silver Strikers kangapo, kwa Neba mu 2014 ndi 2015, ndipo mu 2016 kwa asilikali a Kamuzu Barracks. Zikho zinabwera ndithu, monga cha Carlsberg mu 2015 ndi 2016. Koma chikho chiri ngati nyama ya pa ukwati, imene idyedwa tsiku limodzi, pamene ligi ndiyo nkhokwe, popeza ifuna masewera 30, kwanu ndi kwa eni, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi kwina konse, pa dzuwa ndi pa mphepo. Ana amene tinawalandira m'Standard 1 chaka chimene tinapambana komaliza anali atatuluka kale m'Standard 8, ena atakwatiwa, osaonapo timu ya mphunzitsi wao iri pamwamba. Koma chaka chimenecho timu inali m'manja mwa Yasin Osman, ndipo pakati pa bwalo panali Joseph Kamwendo, amene anasewerapo ku CAPS United ya ku Harare, ku Orlando Pirates ndi ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi, munthu woona mpata umene anzache 21 sauona. Tinabwerako ku Chichiri mitima iri m'mwamba, ndipo tiri chikhalire chotero ndi pamene nkhani ya mnyamata uja inatipeza.

M'kalasi mwathu mwa Standard 8 munali mnyamata wa zaka 16, wobwereza kalasilo, amene dzina lache sitilitchula. Atate wache anamwalira iye ali wamng'ono. Amache anali kugulitsa matimati pa msika. M'kalasi anali wa pakati: Chichewa anachidziwa, masamu anali kukwawa nao, ndipo Chingerezi, chimene mwana akachilephera walephera zonse, anali kuima nacho pa malire penipeni, lero mkati, mawa kunja. Ana otere ndiwo amene maphunziro a masana anaikidwira. Kuyambira January tinali kubwerera m'kalasi 2 koloko kufikira 4 koloko, kubwereza mafunso a zaka zakale, pakuti mayeso a boma anali kudza m'May. Ndipo pa zaka zathu zonse taona kuti miyezi inai imeneyi ndiyo iolotsa mwana wa pa malire, kapena kumsiya tsidya lino.

Koma pa bwalo mnyamatayo sanali wa pakati. Bwalo la sukulu yathu nlotsetsereka, lamiyala, ndipo mvula inakumba ngalande pafupi ndi golo la kumunsi. Ana ena onse asewera maso ali pansi, kuopa mwala ndi ngalandeyo. Iye anasewera maso ali m'mwamba. Anakulira pa mpira wa chikulunga, wa mapepala a pulasitiki omangidwa ndi luzi, umene sudumpha mofanana kawiri, ndipo chifukwa chache mpira weniweni unali kumvera mwendo wache wamanzere ngati galu womleredwa pa khomo. Ife ndife tinali kuyang'anira masewera pa sukulupo, ndipo tinaona ana ambiri odziwa mpira. Koma uyu akalandira mpira, ngakhale atsikana a netibolo analeka masewera ao.

Tsiku lina, atatha masewera ndi sukulu ina, munthu wina wachilendo anamuitanira pambali. Anali wa timu ina ya m'ligi ya m'munsi, ya m'mudzi muno momwe, imene inali kuyesa anyamata m'nyengo yomweyo ya kukonzekera. Ndipo anamuuza kuti adzifika masana onse 2 koloko, naonjeza kuti maso a matimu akuru ayang'ana kumeneko. Ora lache linali lomwelo la maphunziro athu a masana.

Patapita masiku awiri amache anafika kwathu dzuwa liri kulowa, mwanayo ali pambuyo. Anakana mpando, nakhala pa mphasa pafupi ndi chitseko, ndipo atatha malonje anati, "Aphunzitsi, ndabwera ndi mwana wanuyu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo za mpira sindizidziwa. Iyeyu sagona, angonena za mpira. Inu ndinu atate wache tsopano. Mundiuze zoona: kodi mpirawu adzadya nao nsima?"

Owerenga athu, funso limeneli yankho lache tinali nalo, ndipo ndi la masamu a Standard 5. M'ligi yaikuru muli matimu 16. Timu iri yonse isunga osewera ngati 30. Pamodzi sakwana 500 m'dziko lonse, ndipo mwa iwo amene adya bwino ndi mpira ngowerengeka. Koma ana olemba mayeso a Standard 8 apitirira 200,000 chaka chiri chonse, ndipo theka lao ndi anyamata, amene ambiri a iwo akhulupira kuti mwendo wao ngwapadera. Tikadapatsa ana samu imeneyi pa bolodi, ngakhale mnyamatayo akadaipeza. Koma sitinanena zimenezo. Tinauza maiwo za Gabadinho Mhango, amene anachoka ku Bullets napita ku South Africa mu 2013, ndipo nthawi imeneyo anali ku Bidvest Wits; tinawauza za Kamwendo ndi maiko amene mpira unamfikitsa; tinati mphatso siyenera kukwiriridwa; ndipo potsiriza tinati, "Mai, tiyeni timlole mwezi umodzi wokha. Za m'kalasi tidzamthandiza ife Loweruka." Zonse zimene tinanena zinali zoona chimodzichimodzi. Koma chimene chinali m'maso mwathu pamene tinali kulankhula sichinali nsima ya mwanayo iai. Tinali kuona bwalo la Kamuzu litadzala, Neba ali mbali inayo ndi malaya ache ofiira, ndi mnyamata wa m'kalasi mwathu, atabvala buluu, alikutembenuka ndi mwendo wamanzere uja. Ndipo anthu alikufunsana kuti mwana ameneyu anamtulukira ndani.

Maiwo anaomba m'manja mwaulemu, nati, "Mwanena ndinu, aphunzitsi." Sabata yomweyo anatapa pa mpamba wa matimati, nakamgulira nsapato za mpira pa kaunjika, zazikuru pang'ono, zimene mwanayo anazikwanitsa ndi nyuzi ku zala.

Mwezi umodzi uja unasanduka iwiri ndi theka. Za Loweruka tinazichita kawiri kokha, pakuti Loweruka linali tsiku lathu la ku Chichiri, ndipo mwanayonso anali ndi masewera oyesedwa. Mpando wache wa masana unakhala wopanda munthu, ndipo poitana maina tinali kulumpha lache, kuti ana ena angafunse. M'mawa anali kufika, koma ndi thupi lokha. Pofika phunziro lachitatu mutu unali pa desiki, pakuti munthu sangathamange maora awiri masana onse a mwezi wa njala ndi mimba ya phala, nakhalanso maso pa galamala. Tinaziona, ndipo tinati mumtima, atsala pang'ono kumtenga, akamtenga tidzamkhazika pansi. Tinapitako kamodzi kukaona. Anyamata anali ochuruka koposa kalasi lathu lonse, ena a ndevu, ochokera ku Bangwe, ku Chirimba, ku Mbayani, ena osabvala nsapato, ali yense ndi amache kwina kwache amene anatapa pa mpamba. Wathu anasewera bwino ndithu. Koma pakati pa amuna aja anaoneka monga anali, mwana wa zaka 16 woleredwa ndi matimati, ndipo wochinga kumbuyo wina anangomkankha ndi phewa, nagwa uko. Kumapeto kwa April anamuuza kuti mwendo ulipo koma thupi likali laling'ono, abwerenso chaka chamawa. Sitiwapatsa mlandu anthuwo, pakuti ananena zimene anaona. Kunatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe.

Zotsatira zitatuluka, dzina lache panalibe. Tinapita kwao kukamdandaulira kuti abwereze. Koma iye anali atabwereza kale kamodzi, msinkhu unali utapita, ndipo anati sangakhalenso pa benchi limodzi ndi ana amene anali kuwanyamula pa msana. Analankhula mwaulemu, maso ali pansi. Amache sananene kanthu.

Pano tiyenera kusamala, kuti tingadzikuze ngakhale pa kulakwa. Sitinena kuti akadakhala m'kalasi masana onse akadapambana ndithu. Ena anakhalamo nalephera. Sitinenanso kuti mpira ndi chinthu choipa, kapena kuti amene apambana Standard 8 onse apeza malo ku sekondale, pakuti ambiri sapeza; ndipo alipo anyamata a m'Ndirande momwe muno amene mpira unawamangira nyumba amai ao. Tingonena kuti mai uja anadza kudzafunsa mphunzitsi, ndipo amene anamyankha anali wochemerera mpira, m'mwezi umene wochemerera sayenera kufunsidwa kanthu. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Mwambi umenewu tauphunzitsa ana kawirikawiri, nauyankha bwino pa mayeso.

Ndipo taonani, chaka chomwecho chiyembekezo chathu china chinabala. Bwalo la Kamuzu linali lotsekedwa chifukwa cha kukonzedwa, ndipo Manoma anasamutsira masewera ao a pakhomo ku Balaka. Chotero ambiri a masewerawo tinawamvera pa wailesi, titaiika pa zenera kuti Neba amveko. Pakati pa chaka anafika Esau Kanyenda, amene anasewera zaka zambiri ku Russia, ku Rostov ndi ku Lokomotiv Moscow, ndipo nkhalamba za ku Chichiri zija zinati tsopano mtolo wakwana. M'December 2017 Wanderers inatenga ligi, patapita zaka 11. Tinapfuula mpaka mau anatha, ife anthu a imvi za m'mbali. Tinayenda m'mseu ndi anyamata amene tinawakwapulapo m'kalasi. Neba anatseka chitseko chache dzuwa likali m'mwamba, ndipo nyundo yache sinamveke masiku awiri. Sitidzanama kuti chimwemwecho chinali chochepa. Tinakumbuka atate athu, amene sanakhale ndi moyo kuti aone tsikulo; ndipo Jack Chamangwana uja, amene anatilozera tiri pa phewa, anauona ulemuwo ali pakati pa akuru a timu, namwalira chaka chotsatira cha 2018.

Lolemba lache akazi athu anatituma matimati. Tikadatha kugula pa benchi lina, ndipo miyezi yonse ija tinali kuchita chomwecho, kuzungulira njira ya ku makala. Koma tsikulo mapazi anatipereka. Mai uja anatiwerengera matimati, naonjezapo awiri, nati, "Tamva kuti mwapambana, aphunzitsi. Zikomo kwambiri." Panalibe mnyozo m'mau mwache, ndipo tikadakonda ukadakhalamo.

Zaka zotsatira sizinatikomera a buluu. Bullets, iri m'manja mwa Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, inatenga ligi kasanu kotsatana, kuyambira 2018 kufikira 2023, ndipo Neba anabweza ngongole ya masiku awiri aja ndi chiongoladzanja. Mu 2020 matimu anakonzekera monga mwa masiku onse, koma mliri wa Covid-19 unatseka mabwalo m'March, ndipo ligi sinayambe kufikira November. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, nawononganso m'Ndirande ndi m'midzi ina, ndipo anthu oposa 1,000 anatayika m'dziko lino. Sukulu zinasanduka misasa, ndipo kwa masabata angapo palibe ananena za mpira, kupatula tiana ta m'misasamo, timene pa tsiku lachitatu tinali titamanga kale chikulunga. Komabe chaka chiri chonse, ngayaye zikamasula, tinapezeka tirikutsika ndi mseu wa Makata. Chimodzi chokha chinasintha: kuyambira 2018 maphunziro a masana a Standard 8 sitilola mwana ali yense kuwalumpha, angakhale mwendo wache ukhale wa golidi, ndipo Loweruka sitichoka pa sukulu isanakwane 10 koloko. Makolo ena atiyesa ouma mtima, ndipo anyamata atipatsa dzina lina limene sitililemba pano.

M'February wa 2024, Loweruka lina, tinachedwa kutuluka m'kalasi, ndipo mitambo inali itadetsa ku phiri. Tiri chiimire pa mseu, njinga yamoto ya kabaza inaima pamaso pathu, ndipo woyendetsayo anakweza galasi la chisoti nati, "Aphunzitsi, ku Chichiri?" Anali iye, atakula, mapewa atatambasuka, thupi lija limene linasowa mu 2017 litafika tsopano. Anati njingayo nja bwana wina, apereka ndalama ya tsiku ndi tsiku, chotsala nchache. Anati ali ndi mkazi ndi mwana mmodzi, ndi kuti mpira asewera Lamulungu masana ndi anzache a kabaza. Pamene tinakwera pambuyo pache tinaona kuti pansi pa jekete yache pali malaya ofiira.

Tinati, "Kodi iwe, unalowa liti kwa Neba?"

Anaseka, nati, "Aphunzitsi, ine ndine Maule chibadwire. Atate anga anandisiyira mpango wofiira. Simunadziwa kodi?"

Sitinadziwa. Miyezi iwiri ndi theka tinambveka buluu m'maloto athu, tinamgoletsa zigoli pa golo la Neba, osamfunsa konse kamodzi kuti iye mwini akonda timu iti.

Titafika sanabwerere msanga. Anaimika njinga, naima nafe m'mphepete mwa bwalo, chisoti chiri m'khwapa, ndipo tinaona phazi lache lamanzere lirikugwedezeka lokha m'udzu mpira ukadza mbali yathu. Patapita nthawi anatigwira pa mkono, natilozera kamnyamata kena kowonda pakati pa oyesedwa, nati, "Uyo, aphunzitsi, muoneni uyo, sayang'ana pansi." Tinamuona, ndipo mtima unadumpha monga kale lomwe. Tinafunsa nkhalamba ina ya pafupi ngati mwanayo ali pa sukulu, ndipo inatiyang'ana ngati tafunsa za mtengo wa mchere pa maliro, niti, "Sukulu yanji, bambo? Taonani mwendowo."

Mvula inayamba, ndipo iye anatibweza ku Ndirande. Tinafuna kunena kanthu za 2017 pa njira, koma mphepo ndi chisoti sizilola nkhani zotere. Pa chipata anakana ndalama. Tinamkakamiza, nalandira theka. Analiza njinga, natembenuka nati, "Mupereke moni kwa amai. Koma musabvutike ndi kuyenda, aphunzitsi; chatha tinatenga zikho zonse zinai, ndipo chaka chino nchathunso." Ife tinati, "Tidzaona, mwana wanga. Chaka chino nchathu." Neba, amene anamva zonse kuseri kwa mpanda, anaomba chitini katatu kumbvomereza mnzache.

Chaka chimenecho ligi inapita ku Lilongwe, kwa Silver Strikers.